Nyumba yoyamba pa Kasungu: kwa achibale, mdadada, boyizikota kapena selufu?

Tsiku limene ndidatsika basi pa depoti ya Kasungu ndidali ndi chikwama chimodzi, matiresi opinda pakati omanga ndi chubu, ndi kalata ya ntchito. Digiri idali m'chikwama momwemo, yokulunga m'jumbo kuopa mvula. Kogona ndiye kudalibe. M'zaka zitatu zotsatira ndidasamuka kanayi, ndipo kusamuka kulikonse kudandidyera ndalama ya galimoto yonyamula katundu, ya loko watsopano, ndi dipoziti imene siidabwerenso. Ndiye ngati mwangovula gauni ku Zomba, ku Bunda, ku Mzuzu kapena pa koleji ya aphunzitsi (TTC) pompano, ndipo ntchito yakuponyani pa boma la Kasungu, khalani pansi tiziyerekeze nyumbazi.

Ndinenerethu chinthu chimodzi, poti zonse zatsamira pamenepa. Ndalama imene landilodi amatchula mukamufunsa kuti "nyumbayi ndi zingati" si mtengo wa nyumbayo. Mtengo wake umaoneka mukaphatikizapo madzi, mayunitsi a magetsi, kabaza wa m'mawa ndi madzulo, komanso anthu amene nyumbayo idzakukokerani. Chomalizachi palibe amene amachiwerengera, koma ndi chimene chimagwetsa ambiri.

Imene imalowadi m'thumba

Kalata ya ntchito imalemba ndalama yonona, koma imene imafika ku banki imakhala itadutsa kale pa mpeni. A MRA, bungwe lotolera misonkho, amadula msonkho wa pa malipiro wotchedwa PAYE, ndipo lamulo la penshoni limati wantchito azipereka 5 peresenti ya malipiro ake, abwana n'kuwonjezerapo 10 peresenti. Pa mitengo ya msonkho imene idayamba mu Epulo 2024, K150,000 yoyamba siinkakhudzidwa, koma yotsatira mpaka K500,000 inkadulidwa 25 peresenti. Choncho wolembedwa pa K400,000 ankasiya K62,500 ku msonkho ndi K20,000 ku penshoni, n'kutsala ndi K317,500. Mitengo imeneyi imasintha ndi bajeti ya boma, ndiye pitani kwa a akawunti akuwerengereni musanagwirane chanza ndi landilodi aliyense. Ngati mudaphunzira pa ngongole, dzina lanu lili m'mabuku a Higher Education Students' Loans and Grants Board, bungwe limene lidakhazikitsidwa mu 2015. Amakupatsani kanthawi kopumira mukamaliza sukulu, koma ngongoleyo siiola. Tsiku lina idzabwera kudzadya pa malipiro omwewo.

Kumbukiraninso kuti malipiro oyamba amakonda kuchedwa. Malo ambiri a ntchito dzina la munthu watsopano limatenga nthawi kuti lilowe pa mndandanda wa olandira, pamene eni nyumba zooneka bwino amafuna lendi ya miyezi itatu pakamodzi musanaike n'komwe phazi pakhonde. Muyeso wanga ndi uwu: lendi, madzi, magetsi ndi thiransipoti zonse pamodzi zisapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama imene mumalandira m'mwezi wouma, mwezi wopanda alawansi, wopanda wekishopu. Mwezi wonona musauwerengere, umabwera mwa apo ndi apo.

Kwa achibale

Pafupifupi aliyense ali ndi malume, azakhali kapena mkulu wa mpingo amene mayi angamuimbire foni kuti "mwana wanu akubwera kumeneko." Ine ndidayambira kwa azakhali anga ku Chankhanga. Adandiphera nkhuku. "Iwe ndi mwana wa pakhomo pano," adatero, "za lendi usazitchule n'komwe." Mwezi woyamba ndidakhala ngati mfumu.

Malipiro atangoyamba kubwera, zinthu m'nyumba zidayamba kutha motsatizana. "Mwanawe, mayunitsi atha." Mawa lake, "Asuweni, shuga mubwerere nayetu." Kenako sopo, mafuta ophikira, ya chigayo, ya mayeso a Folomu 4. Palibe chimene adalakwa. Pakhomopo padali anthu asanu ndi atatu odalira malipiro a munthu mmodzi, ndipo ine ndidangobwera ngati dzanja lachiwiri. Koma nditakhala pansi n'kuwerengera mwezi wachitatu, ndidapeza kuti nyumba yaulere ija inkandidyera kuposa chipinda cha lendi, ndipo pokanira ndidalibe. Ukana bwanji kugula shuga pakhomo pamene ukugona ulere?

Njira imeneyi imathandiza pokhapokha mutaika malire awiri tsiku lofika lomwelo: nthawi yochoka, ndi chimene muzipereka. Nenani mwaulemu koma momveka: "Azakhali, ndikhala nanu miyezi itatu, ndipo mwezi uliwonse ndizigula thumba la chimanga ndi mayunitsi." Zotsalazo muzizibisa kutali, zikakwane lendi ya miyezi itatu. Mlendo ndi mame, asachedwe kuuma. Mukapitirira theka la chaka, ngakhale azakhali okoma mtima amayamba kumenyetsa mbale.

Mdadada

Aliyense amaudziwa: zipinda zisanu kapena zisanu ndi chimodzi pansi pa denga limodzi, bafa ndi chimbudzi chokumba kuseri, mpopi umodzi pabwalo kapena madzi ogula pa kiyosiki, ndi mita imodzi ya ESCOM yopachikidwa pakhoma la chipinda choyamba. Lendi ndi ya mwezi ndi mwezi, dipoziti kawirikawiri palibe, ndipo mukhoza kugwirizana ndi mwini wake m'mawa n'kulowa madzulo. Kwa amene ali pa intenishipu, kapena amene malipiro sadayambe kubwera, palibe khomo lina lotseguka msanga chotere.

Ubwino wake usanyozedwe. Pa mdadada simungadwale malungo masiku awiri wina osagogoda. Mukayanika zovala n'kupita ku ntchito, mvula ikagwa mumazipeza zitaanulidwa. Moto wa pa mbaula umapemphedwa, mchere umabwerekedwa, ndipo mayi wa chipinda choyandikana adzakuuzani kumsika amene amagulitsa bonya wopanda mchenga. Munthu wobwera kumene m'tauni amaphunzira zambiri pa mdadada m'mwezi umodzi kuposa mu mpanda chaka chathunthu.

Koma mita ija. Pa mdadada umene ndinkakhala tinkasonkha mofanana mwezi ukayamba. Ine ndidali ndi babu limodzi ndi chaja ya foni, ndinkachoka 7 koloko m'mawa n'kubwera dzuwa litalowa. Chipinda cha kumapeto mudali firiji ya mafirizesi ndi thobwa yosazima usana ndi usiku. Chachiwiri mudali mnyamata wa ayironi, amenenso adali ndi kachitsulo kotenthetsera madzi osamba kamene ankakabisa pansi pa bedi. Pofika pa 18, mdima. Tidasonkhana pansi pa mtengo wa mango kuti tikambirane. Ine ndidayamba kufotokoza mwaukadaulo, monga munthu wa digiri, kuti aliyense azilipira molingana ndi zipangizo zimene ali nazo. Mayi a mafirizesi adandiyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku kolala, n'kunena mofatsa kuti, "Koma achimwene, inu ndi a pantchito. Mungafanane ndi ife ogulitsa madzi oundana?" Onse adavomera ndi mitu. Ndidasonkha kawiri. Pa mdadada tayi imakhomeredwa msonkho.

Onjezerani kuti makoma ambiri safika kudenga, ndiye mkangano wa banja loyandikana mumaumva ngati wailesi, ndipo foni yanu nawonso amaimva. Nsikidzi ndi mphemvu sizidziwa kuti chipinda ichi n'cha wina. Ndandanda yokolopa chimbudzi imasungidwa sabata ziwiri zoyamba basi. Laputopu ya ku ofesi imagona kuseri kwa chitseko cha matabwa chimene phewa limodzi likhoza kuchitsegula. Ndipo kwa atsikana, bafa lapanja lopanda chokhomera, pamalo pamene amuna osawadziwa amakhala pakhonde mpaka usiku, si nkhani yoichepetsa chifukwa choti lendi yatsika. Mukasankha mdadada, funsani kuti pa mita pali mabanja angati, ndani ali ndi firiji, ndipo mwini wake amakhala pompo kapena kutali. Kumene landilodi amagona pa poloti yomweyo kumakhala malamulo ambiri, komanso chimbudzi chimakhala choyera.

Boyizikota

Kanyumba ka kuseri kwa nyumba yaikulu, m'kati mwa mpanda, chipinda chimodzi kapena ziwiri, nthawi zina ndi bafa lakelake. Mtengo wake uli pakati pa mdadada ndi selufu, nyumba yoima payokha yokhala ndi bafa ndi chimbudzi m'kati. Ndikafunsidwa ndi wachinyamata amene malipiro ake ayamba kubwera bwinobwino, apa ndi pamene ndimamulozera. Mpanda ulipo, galu alipo, mwina ndi mlonda amene simumulipira ndinu. Mpopi wa Central Region Water Board uli pabwalo pomwepo. Ndipo kuchepa kwa kanyumbako ndi chitetezo chinanso chimene ndichifotokoze tikafika pa selufu.

Chimene mumalipira kuwonjezera pa lendi ndi ufulu. Mayi a pakhomopo amadziwa nthawi imene mwabwera, amene mwabwera naye, ndi nthawi imene watuluka. Geti limakhomedwa 9 koloko, ndipo kugogoda usiku kawiri pa sabata kumabala msonkhano. Kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna. Ena zimenezi zimawathandiza kusunga ndalama, poti geti lokhomedwa limabweza munthu ku bala msanga. Ena zimawatsamwitsa. Mukudzidziwa nokha.

Ngozi yeniyeni ya boyizikota ndi yakuti kanyumbako n'ka banja, inu mwangokabwereka. Boyizikota yanga yoyamba ndidaikonda kwambiri, ndidapakamo laimu ndi ndalama zanga, n'kuika loko wabwino. Tsiku lina madzulo abambo a pakhomopo adandiitana pakhonde. "Achimwene, musatione ngati oipa. Mwana wathu wamaliza sukulu ku Lilongwe, ndiye mutipatseko mpata pofika pa 30." Lidali tsiku la 19. Ndidalibe pepala lililonse loti ndiwaonetse, ndipo laimu uja adatsala pakhoma.

Kuyambira pamenepo sindilowa m'nyumba popanda cholembedwa. Sizifuna loya. Tsamba la m'kope likwanira, bola palembedwe lendi, tsiku lolipira, notisi ya mwezi wathunthu kumbali zonse ziwiri, amene azikonza mpopi ukathyoka kapena denga likadontha, kagawidwe ka bilu ya madzi ndi mayunitsi, ndi miyezi imene idutse lendi isadakwezedwe. Musayine nonse awiri pamaso pa mboni. Mfundo ya kukwezedwa kwa lendiyo ndi yofunika kwambiri. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti ndi malata zidakwera, ndipo eni nyumba sadachedwe kutsatira. Polipira, tumizani pa Airtel Money, pa Mpamba kapena ku banki kuti umboni utsale mu foni. Ngati landilodi ndi wachikulire wokonda ndalama ya m'manja, gulani kabuku koti azisayinamo mwezi uliwonse. Ena amaona ngati mukuwakayikira. Auzeni kuti ndinu woiwalaiwala, amaseka n'kusayina.

Kugawana nyumba ndi mnzanu

Mukawerengera pa pepala, njira iyi imapambana zonse. Anthu awiri kapena atatu mumatenga nyumba yathunthu yokhala ndi mita yakeyake, khitchini ndi pabalaza, aliyense n'kumalipira ndalama yosasiyana kwambiri ndi ya boyizikota. Mutu umodzi susenza denga, ndipo lendi ya miyezi itatu ija imapepuka mukaigawana.

Chimene chimaigwetsa ndi chakuti moyo wa munthu wa zaka 24 sukhazikika. Mnzanu amapatsidwa transifa ya ku Mchinji, kapena wapeza ntchito ina ku Lilongwe, kapena chibwenzi chake chimene chinkabwera Loweruka lokha chayamba kuyanika zitenje pa waya Lachitatu. Mumadzuka tsiku lina muli atatu m'nyumba imene mukulipira awiri, kapena muli nokha m'nyumba imene simungaikwanitse. Choncho posankha wokhala naye musayang'ane amene munkaseka naye kwambiri ku hositelo. Kumbukirani amene ankabweza K2,000 osakumbutsidwa. Funsaninso tsiku limene amalandira, chifukwa landilodi sadikira kuti theka linalo libwere pa 10.

Katundu musagule mosonkherana. Wina agule mipando, wina agule firiji, kuti tsiku losiyana aliyense anyamule chake. Firiji siidulidwa pakati. Ufa, makala, mchere ndi mafuta sonkhani, koma za ndiwo gwirizanani bwino, poti maubwenzi ambiri a ku koleji adathera pa nkhuku imene wina adaisiya m'poto n'kukaipeza itasanduka msuzi.

Selufu ya nokha

Iyi ndiyo imakopa maso: matailosi, siling'i, shawa yam'kati, geti lachitsulo. Kumudzi nako amayembekezera zomwezo, poti mwana wa digiri sangamakasambe m'bafa la udzu. Ndalama yolowera ndi yolemera: miyezi itatu pakamodzi, dipoziti, ndi ya ejenti amene wakupezerani. Mukalowa mumapeza kuti zipinda zopanda kanthu zimalankhula. Pabalaza pamafuna masofa, pakhoma pamafuna TV, mazenera asanu ndi limodzi amafuna makatani. Apa ndi pamene ambiri amatengera ngongole yoyamba yodula pa malipiro, n'kumalipira zaka ziwiri mipando imene nsalu yake idang'ambika chaka choyamba.

Koma zonsezi n'zazing'ono poyerekeza ndi chipinda chachiwiri cha nyumbayo. Pa boma la Kasungu ndi pamene pali chipatala chachikulu cha boma lonse, mabanki, maofesi ndi masukulu a sekondale angapo. Ngati kwanu ndi ku Chamama, ku Santhe, ku Chulu, ku Wimbe kapena ku Nkhamenya, mbiri yoti muli ndi chipinda chopanda munthu imafika kumudzi musadamalize kupachika makatani. Woyamba kubwera ndi mlamu amene akudikirira wodwala kuchipatala, ndipo simungamukanize. Nyengo ya fodya ikafika, malume amene agulitsa mabelo awo ku Chinkhoma amabwera kudzadikira kuti ndalama ilowe ku banki, masiku awiri n'kusanduka sabata ziwiri. Temu ikamatsegulidwa, mayi amaimba foni: "Mphwako uja wapeza malo pa sekondale ya m'tauni momwemo, ndiye tinati azichokera kwa iweyo." Pakutha pa chaka mukuphikira anthu anayi, thumba la chimanga likutha m'sabata zitatu, ndipo bilu ya madzi yakwera kawiri.

Sindikunena kuti achibale ndi katundu. Anthu omwewa ndi amene adagulitsa mbuzi ndi mtedza kuti inu mukhale m'kalasi, ndipo chibale ndi fupa, sichiola. Ndikungoti muziwerengera. Wobwereka nyumba ya zipinda ziwiri pa Kasungu, kwawo kuli pafupi, wabwereka nyumba ya anthu atatu kapena anayi, ndipo bajeti yake ikhale ya anthu amenewo. Ngati malipiro sangakwanitse, kachipinda kamodzi kamakupatsani yankho loona limene silipweteka munthu: malo ndi ochepa. Kenako n'kumatumiza kumudzi ndalama yokhazikika mwezi uliwonse, imene mayi akuidziwa ndipo akhoza kuidalira. Thandizo lotere limafika patali kuposa kudyetsa alendo mpaka nonse mutagona ndi njala pa 20.

Nyumba za kuntchito, ndi nkhani ya mtunda

Aphunzitsi, azaumoyo ndi alangizi amene atumizidwa ku Mtunthama, ku Chamama kapena ku Nkhamenya nthawi zina amapeza nyumba ya pa sukulu kapena pa chipatala. Itengeni, ngakhale chitseko chitadyedwa ndi chiswe. Chiyeso chimakhala chofuna kubwereka nyumba pa boma n'kumayendera, kapena kuthawira ku Lilongwe Lachisanu lililonse. Ndi makilomita pafupifupi 130 pa msewu wa M1, ndipo maulendo anayi opita ndi kubwera pa mwezi ndi lendi ya nyumba yachiwiri imene simugonamo.

Ngakhale m'tauni momwemo mtunda umadya. Tiyerekeze, ndipo inu muikemo manambala anu. Nyumba ina ili kutali, lendi K40,000, koma kabaza ndi K2,000 kupita, K2,000 kubwera. Masiku 22 a ntchito ndi K88,000, kuphatikiza lendi K128,000. Ina ili poti mukhoza kuyenda wapansi, lendi K90,000. Yodulayo ndiyo yotchipa, ndipo mafuta akasowa pa filing'i siteshoni a njinga zamoto n'kukweza mtengo, inu simukhudzidwa. Njira yachitatu ndi kugula njinga yakapalasa. Kasungu ndi wosalala, ndipo njinga imabweza ndalama yake m'miyezi yochepa, kungoti ena amachita manyazi kupalasa atavala tayi.

Poyendera nyumba

Landilodi adzakuuzani kuti madzi satha. Funsani mtsikana amene akuchapa pa nyumba yoyandikana. Madzi a m'tauni muno amadalira kwambiri damu la Chitete, ndipo mu Okutobala ndi Novembala, dzuwa likafika poipa, madera ena mipopi imangotulutsa mpweya. Mukaona zigubu zambiri zitandandalikidwa pakhonde la aneba, yankho mwalipeza. Funsani kumene kuli mjigo kapena chitsime chapafupi. Yang'anani m'munsi mwa makoma ngati muli mzere wa chinyezi cha dzinja lapita, ndipo muyang'anenso kudenga masana: kuwala kukamalowa pa mabowo a misomali, mvula idzalowanso pomwepo. Malata opanda siling'i amawotcha mu Okutobala n'kuzizira mu Juni. Kukazizira choncho musalowetse mbaula yoyaka m'chipinda chotseka, utsi wa makala umapha anthu ali m'tulo.

Pemphani kuona bilu yomaliza ya madzi. Wochoka amatha kusiya ngongole, ndipo odula madzi akabwera safunsa kuti adasamba ndani. Za ma ejenti, alipo okhulupirika, koma alipo ena amene amaika zithunzi za nyumba pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp n'kumati tumizani kaye kangachepe chifukwa ofuna ndi ambiri. Musatulutse tambala musadalowe m'nyumbamo ndi kuonana maso ndi maso ndi mwini wake. Safunsa adadya phula.

Zotsalazo muzisunga kuti?

Tsiku lolandira, lendi ichoke kaye, ya kumudzi ichoke, mayunitsi agulidwe a mwezi wonse. Zotsalazo ndiye zimafuna pokhala. Mu foni ndi pafupi kwambiri ndi chala: bandulo, kubetcha mpira, mnzanu amene "abweza Lachisanu," ndi ndalama yodulidwa nthawi iliyonse mukatapa kwa ejenti. Mu foni muzikhala ya sabata imodzi basi. Ku banki ndi kotetezeka, makamaka akaunti yachiwiri imene khadi lake mwalisiya pansi pa sutikesi, koma chiwongoladzanja chake sichithamanga ngati mitengo ya zinthu kumsika.

Chipeleganyu cha pa ofesi n'chabwino pogula chinthu chimodzi chachikulu, monga bedi kwa kalipentala kapena lendi ya miyezi itatu. Chilibe phindu, ndipo wolandira kumapeto amapeza ndalama yake itachepa mphamvu, komanso ndi amene amalira wina akathawa atalandira kale. Banki m'khonde imabereka, ndipo kugawana kwa kumapeto kwa chaka kumathandiza pa Januwale, koma imayenda ndi kukhulupirika kwa anthu. Musalowe gulu limene simudziwa kumene msungichuma amagona. Samalaninso ndi magulu okakamiza membala aliyense kubwereka, poti mumapezeka mukulipira chiwongoladzanja pa ngongole imene simunkaifuna. SACCO, bungwe la mamembala losunga ndi kubwereketsa ndalama, imayenda pang'onopang'ono, koma kwa munthu wa pa malipiro ndiyo ndimaiika patsogolo: ndalama imadulidwa musadaione, ndipo tsiku lofuna ngongole ya poloti mumakhala ndi poyambira.

Katapila ndiye ayi. Wokubwerekani K50,000 amafuna K75,000 kapena kuposa pakutha pa mwezi, ndipo ambiri amasunga khadi lanu la ku banki. Malipiro akalowa amayamba kutapa ndi iye, inu n'kubwerekanso kuti mudye. Ndaona anthu ovala bwino akuzungulira m'bwalo limeneli zaka.

Banki imene ndimaikhulupirira kwambiri kuno ndi thumba la chimanga. Kasungu ndi dera la alimi, ndipo mu Meyi ndi Juni, anthu atangokolola, chimanga, mtedza ndi nyemba zimatsika mtengo m'misika ya kumidzi. Pofika Januwale ndi Febuluwale chimanga chomwecho chimakhala chitakwera kwambiri. Matumba atatu kapena anayi a makilogalamu 50 amamufikitsa munthu mmodzi chaka, bola muthire mankhwala a anankafumbwe kapena mugule matumba osalowa mpweya aja, ndipo muwasanjike pa matabwa, osati pa simenti. Wokhala ndi ufa m'nyumba, ngakhale mwezi utavuta bwanji, amangosaka ya bonya ndi tomato. Wogula ufa wa m'timajumbo tsiku ndi tsiku amalipira kawiri.

Kusamuka kwanga kwachinayi kudandifikitsa mu boyizikota ina, ya chipinda chimodzi ndi kakhitchini, yokhala ndi mita yakeyake, mphindi 15 wapansi kukafika ku ntchito. Mgwirizano tidalemba pa tsamba la m'kope, mboni adali mkulu wa mpingo wa landilodi. Nditakhazikika, azakhali aja adabwera kudzaona. Adaima pakhomo, n'kuyang'ana bedi, mpando umodzi, mbaula ndi ndowa ziwiri.

"Ndiye sukulu yonse ija, mwanawe, kanyumba kake n'komweka?"

Ndidawapatsa mpando, ine n'kukhala pa bedi. Tikumwa tiyi, maso awo adagwera pakona pamene padali matumba anayi osanjikizana pa matabwa. Adadzuka, n'kumenya lapamwamba ndi chikhatho, n'kulinunkhiza.

"Cha chaka chino ichi. Wagula kuti?"

"Ku Chamama, azakhali, mu Juni."

"Wachita bwino. Limodzi ili ndinyamula."

Ndidatuluka kukaitana wa kabaza.